Nthaka Yanyowa Pang'ono

Tiyanjane ankakolopa pabalaza atagwada, mosafulumira, ndi juzi yakale ya bambo ake yomwe inasanduka chikolopa. Sukulu anali atamaliza, zotsatira za Fomu 4 zinali zitatuluka, ndipo kunalibe kwina kothamangira. Ankaviika juziyo m'ndowa, kuifinya pang'ono, kuiyala pasimenti, kenako n'kukhala duu akuyang'ana madzi.

Madziwo ndi amene ankamuchedwetsa. Kuyambira ali mwana, madzi okolopera m'nyumbamo ankayenderera okha kulowera kukhomo n'kukagwera pakhonde, chifukwa bambo ake anathira simentiyo mopendeketsa dala. Koma chiyambire mvula ya chaka chino, madziwo anasintha njira. Akawathira pakati pa balaza ankayamba aima kaye, ngati munthu amene waiwala chomwe wadzera, kenako n'kuyamba kukwawa chobwerera, kulowera kuchipinda cha mayi ake, mbali ya kuphiri.

Sanauze aliyense. Tiyanjane anali wa mawu ochepa chibadwire. Kusukulu aphunzitsi ankangomutcha "iwe wapakona." Kunyumba ankayankha "ee" ndi "chabwino," zina zonse n'kumazisunga m'maso.

Nyumba yawo inali kumtunda kwa Bangwe, komwe msewu wa maminibasi umathera n'kusanduka kanjira ka miyala. Kuseri kwake kunali khoma la dothi lofiira lomwe linatsala pamene ankasalaza malowo, ndipo pamwamba pa khomalo panayambira phiri. Bambo ake, a Malizani, anali kalipentala. Njerwa za nyumbayo anaumba okha, kuwotcha okha, denga n'kukhoma okha. Ankaikonda nyumbayo ngati mwana wawo wachiwiri, ndipo sankalola kuti ioneke yodwala. Chitseko chikayamba kukanda simenti, ankachichotsa n'kuchipala m'munsi.

"Matabwa amafufuma nthawi ya mvula," ankatero, akupemerera fumbi la thabwalo.

Tebulo likayamba kugwedera, ankapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo wake. Khoma likang'ambika, ankamata simenti n'kupaka laimu dzuwa lisanalowe. Chitseko cha pabalazacho anali atachipala kambirimbiri, moti tsopano chinali chachifupi mbali imodzi, ndipo mphepo inkalowera pakampata komwe kanatsala. Nyumbayo inkaoneka bwino kuposa zonse mumzere wawo, chifukwa chilichonse chomwe inkafuna kunena, a Malizani ankachitseka pakamwa tsiku lomwelo.

M'chipinda chakuseri munkagona mayi ake, a Constance. Chiwagwirireni sitiroko, mwendo wawo wakumanzere unkangokhwekhwereka. Kuchoka pabedi kufika pakhonde ankayenda chogwira khoma, ndipo akafika ankapuma ngati akwera phiri lonse.

Foni inalira pawindo. Tiyanjane anapukuta manja pachitenje n'kuitenga. Anali mafunso aja.

Mafunsowo anayamba mvula isanagwe. Kunabwera mtsikana wina wa ku yunivesite, dzina lake Idah, ndi anzake angapo, n'kuitanitsa anthu a kumtunda pabwalo la tchalitchi. Anati akufuna kuti phiri lisadzawadzidzimutsenso ngati chaka cha namondwe chija.

"Makompyuta ambiri amadziwa mayankho awiri okha, inde kapena ayi," anafotokoza Idah. "Koma phiri silitero. Nthaka sikhala youma lero, mawa n'kudzuka ili matope. Imanyowa pang'ono, imanyowa ndithu, imanyowa kwambiri, ndipo pakati pa zimenezi palibe mzere woti mungauloze. Ndiye ife taiphunzitsa kompyuta yathu kuganiza choncho, ngati munthu. Njira imeneyi amaitcha fazi lojiki. Taipatsa malamulo ambirimbiri. Mwachitsanzo, ngati mvula yagwa kwambiri, nthaka yanyowa ndithu, malowo n'kukhala otsetsereka, ndiye kuti ngozi yayandikira ndithu. Mvula tiziyeza tokha. Kutsetsereka tinayeza kale. Koma za pansi pa mapazi anu, mutiuze ndinu, pafoni, m'mawa uliwonse."

A Hamis, omwe ankakazinga tchipisi pa siteji, anakweza dzanja.

"Asisi, kompyuta imeneyo ndi yobadwira konkuno ku Bangwe. Inenso kasitomala akandifunsa ngati mafuta ndi adzulo, ndimati pang'ono."

Anthu anaseka, Idah nayenso anaseka. Koma alendowo atapita, azibambo anatsala pabwalopo, ndipo kuseka kunatha. Panalibe amene anaimirira kuti alamule kanthu. Anangomvana ndi maso ndi mawu a pansipansi. Kumtunda kuno munthu satchula choipa chisanachitike, chifukwa kuchitchula n'kuchiitana. Wodwala ngakhale ali kayakaya, ukafunsa abale ake amati, "Aliko pang'ono." Chomwe chinatsika m'phirimo chaka cha namondwe, n'kukokolola mzere wonse wa nyumba za pamwamba pawo, dzina lake Tiyanjane ankalidziwa, napolo, koma m'nyumba mwawo sanalimvepo. Akuluakulu ankangoti "mlendo uja." Komanso aliyense ankadziwa kuti wolemba kuti kwambiri adzauzidwa kuti asamuke. Asamukire kuti?

"Afunsa, adadi," anatero Tiyanjane ali pakhomo.

A Malizani anali panja, akunola macheka. Maso awo sankaona bwino zilembo zazing'ono, n'chifukwa chake ntchito yoyankha inali ya mwana wawo.

"Werenga."

"Nthaka yanyowa bwanji? Madzi a pakasupe ada bwanji? Ming'alu yakula bwanji?"

"Lemba pang'ono."

"Zonse?"

"Zonse. Ukufuna aziti kwa Malizani akumira?"

Tiyanjane analemba. Posakhalitsa yankho linabwera, ndipo anawerenga ndi mawu ake aang'ono aja: "Nyumba yanu ndi yotetezeka ndithu, yoopsa pang'ono. Khalani tcheru."

"Wamva? Ngakhale makina akudziwa kuti nyumbayi inamangidwa ndi mwamuna," anatero bambo ake mokweza, kuti mawuwo akafike kuchipinda chakuseri. "Amake Tiya, mwamva? Yotetezeka ndithu!"

"Ndamva, bambo a Tiya," anayankha mayi ake chapansipansi.

M'mawa wina mkati mwa Febuluwale, Tiyanjane anatsika ndi chigubu kukatunga madzi pa kiyosiki. Mvula inali itagwa masiku otsatizana, kenako n'kukata, ndipo dzuwa linatuluka lotuwa, lopanda mphamvu. Anapeza Idah atakhala pa mwala pafupi ndi mpopi, nsapato zake zili matope okhaokha, tabuleti ili pamiyendo. Tiyanjane anaika chigubu pamzere n'kuima chapatali, koma maso ake anakafika pagalasi la tabuletiyo.

"Bwera udzaone, usachite manyazi," anatero Idah. "Umakhala kumtunda eti?"

"Ee, asisi."

Pagalasipo panali mapu a dera lawo lonse, nyumba iliyonse ili kadontho. Mitundu yake sinali yodukiza. Inkasintha mwapang'onopang'ono ngati khungu la mango akamapsa, kubiriwira kumunsi, kuyamba chikasu cha kumtunda. Tiyanjane atatchula dzina la bambo ake, Idah analoza kadontho ka nyumba ya a Malizani. Kanali kobiriwira, kachikasu pang'ono m'mphepete.

"Mukuoneka kuti muli bwinoko. Zikundidabwitsa ndithu, chifukwa mvula yagwa yambiri. Mwina nthaka yanu imamwa madzi msanga."

Pamwamba pa madontho onsewo, pakokha, panali kadontho kamodzi kofiira, kofiira ngati magazi a nkhuku.

"Nanga aka?" anafunsa Tiyanjane.

"Amenewo ndi mutu wanga wowawa. Tsiku lililonse amayankha kuti kwambiri. Nthaka kwambiri, kasupe kwambiri, ming'alu kwambiri. Poyamba kompyuta inkawamvera. Koma nyumba zonse zowazungulira zikuti pang'ono, ndiye inayamba kuwapeputsa mawu. Ikumawamvera pang'ono chabe. Ndikawaimbira, foni imayankhidwa koma sipamveka munthu. Kumangomveka phokoso ngati la mphepo. Ndimafuna ndikwereko, koma lero ndiyenera kukafika ku Chilomoni. Ukuwadziwa?"

Tiyanjane anayang'anitsitsa malo a kadonthoko, pakati pa mwala waukulu ndi mitengo ya bulugamu. Pamalopo panalibe nyumba. Panalibe nyumba iliyonse mumzere umenewo chichokereni chaka cha namondwe.

"Sindikudziwa," anatero. "Asisi, nanga anthu onse atati... atamalemba pang'ono, koma..."

Amayi awiri a mumzere wawo anali ataima pa mpopi, makutu ali kuno.

Idah anayang'ana amayiwo. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndiye kompyuta ikhulupirira. Imatha kumva pang'ono ndi ndithu, koma sidziwa mantha, sidziwa ulemu. Chomwe mwaiuza, imatenga chomwecho. Pali chomwe ukufuna kundiuza, mchemwali?"

"Ayi," anatero Tiyanjane. Chigubu chake chinali chitafika pa mpopi.

Masana a tsiku lomwelo anauza mayi ake kuti akukathyola chisoso, n'kutenga kabeseni. Anadzera kuseri kwa chimbudzi, n'kukwera kanjira komwe anthu anasiya kudutsamo. Udzu unkamufika m'chiuno. Matope ankamata patapata wake n'kumubweza m'mbuyo. Atadutsa nyumba yomaliza, phokoso la Bangwe linayamba kuzimirira: mahutala a maminibasi, nyimbo za m'mashopu, chigayo cha kumsika. Atafika pamzere wokokoloka uja, kunali zii. Ngakhale mbalame kunalibe. Anaima n'kumvetsera, ndipo anazindikira kuti ngakhale achule, omwe nyengo ino salekeza m'zithaphwi, kuno anali chete.

Chigwembe chomwe mlendo uja anadzera chinali chitamera udzu, koma miyala ikuluikulu inali pomwe inaimira, ina yaikulu ngati minibasi. Apa ndi apo pankaoneka chidutswa cha lata, theka la mbale, chigoba cha wailesi. Pakati pa mwala waukulu ndi mitengo ya bulugamu panali simenti ya nyumba yopanda makoma. Inali yosesedwa bwino. Pabwalo pake pankaoneka mizere ya tsache, yatsopano. Pomwe panali khomo panali nsapato ziwiri zachimuna, zoikidwa mwadongosolo.

Munthu anali atakhala pasimentipo, chakumapeto, atamufulatira.

Tiyanjane anafuna kubwerera. Anayang'ana nsapatozo. Kenako, posadziwa china choti achite, anaomba m'manja pang'ono.

"Odi."

"Lowani," anayankha munthuyo osatembenuka.

Anavula patapata wake, n'kuponda pasimenti. Inali yozizira ngati yothiridwa madzi a mufiriji. Munthuyo atatembenuka, anawazindikira. Anali a Nikolasi, omwe kale ankasoka zovala pamsika. Tsiku la namondwe iwo anatsekeredwa ndi mvula ku Limbe. Mkazi wawo ndi ana awo awiri anali m'nyumba muno. Anthu ankati a Nikolasi anapita kukakhala kwa mbale wawo ku Misesa.

"Ndiwe mwana wa Malizani."

"Ee, ankolo."

"Wakula. Khala pabalaza pomwepo. Kuno n'kuchipinda."

Tiyanjane anakhala pansi, kabeseni kali pamiyendo. A Nikolasi anali ataonda, koma malaya awo anali ochapa ndi ositidwa. M'dzanja anali ndi kafoni ka mabatani kong'ambika galasi, komangidwa ndi mphira.

"Ndimabwera m'mawa, ndimabwerera madzulo," anatero, ngati wawafunsa. "Nyumba siisiyidwa yokha. Imachita udzu."

"Ndinu mumayankha mafunso aja, ankolo?"

"Anati aliyense wa nyumba kumtunda kuno alembetse. Ine nyumba ndili nayo, si iyi? Tsiku la msonkhano ndinaima kuseri kwa tchalitchi, ndinalembetsa anthu atabalalika." Anakweza kafoniko. "Ya amake ana iyi. Anaitola kumunsi uko, m'matope. Imayaka, imalemba, koma mawu inasiya. Munthu akaimba ndimangoyankha kuti adziwe kuti tilipo."

Mawu akuti tilipo anamulowa Tiyanjane m'mafupa. Anayang'ana pansi.

"Dzuka," anatero a Nikolasi. "Tulukira pakhomo, usadumphe khoma."

Anatulukira pomwe panali nsapato paja, n'kuzungulira kuseri. A Nikolasi anapatula udzu ndi manja awo. Pansi panali mng'alu. Unachokera pa mwala waukulu uja, n'kudutsa kuseri kwa simentiyo, n'kupitirira mokhotakhota mpaka kukalowa m'mitengo ya bulugamu, kutali komwe maso a Tiyanjane anathera. Mbali yakumunsi ya mng'aluwo inali yotsikirapo kuposa yakumtunda, ngati sitepe.

"Pa Khrisimasi munkangolowa chala," anatero. Anagwada n'kulowetsamo mkono mpaka m'chigongono. "Yesa."

Tiyanjane anagwada. Mkono wake unalowa wonse osakhudza kanthu. M'katimo munkatuluka kamphepo kozizira, konunkha ngati manda ongokumba kumene.

"Ika khutu."

Anaika khutu. Poyamba anangomva mtima wake. Kenako anamva madzi, osati odontha koma oyenda, ambiri, ngati mtsinje womwe uli ndi ulendo wake pansi pa nthaka. Ndipo pansi pa madziwo panali phokoso lina, lolemera, lapatalipatali, longa la mwala ukukhula mwala unzake. Linkamveka, n'kusiya, n'kumvekanso. Linkafika m'mano.

Anadzuka msanga, tsaya lili dothi.

"Anthu akuti ndapenga," anatero a Nikolasi, akubwezera udzu pamng'alupo mosamala ngati akufunditsa mwana. "Mwina ndapengadi ndithu. Koma funso likuti ming'alu yakula bwanji. Ndiyankhe chiyani?"

"Munawauza anthu?"

"Ndinawauza bambo ako, pa siteji. Anandigwira paphewa, anati, 'Achimwene, zinatha zija, limbani mtima.' Anandigulira tiyi ndi sikono. Munthu wabwino, Malizani."

Tiyanjane anatembenuka n'kuyang'ana kumunsi. Sanaonepo dera lawo kuchokera pamwamba chonchi. Madenga onse a mzere wawo anali m'munsi mwa mng'aluwo. Mapolo a magetsi, omwe ukamadutsa pansi amaoneka owongoka, kuno ankaoneka kuti aliyense waweramira kwake, ngati anthu a pamaliro. Pakhonde la nyumba yawo panali kanthu kakang'ono kovala chitenje chobiriwira, katakhala pampando, kosasuntha. Anali mayi ake. Kuchokera pakhondepo kufika pa siteji, kanjira kanali kotsetsereka, koterera, kamiyala.

"Mpite bwino," anatero a Nikolasi, atabwerera kale pasimenti pawo. "Ukawapatse moni amayi ako."

Anatsika wopanda chisoso. Panjira anakonza mawu oti akanene. Anawayeserera chamumtima, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Koma atafika pabwalo n'kuona bambo ake akuimba kanyimbo ka kwaya uku akupala thabwa la kasitomala, mawu onse anabalalika. Analowa m'khitchini n'kuyamba kutsuka mapoto oyera kale.

Tsiku lotsatira kunacha kotentha modabwitsa, kopanda mphepo. Nkhuku zawo zinakana kutuluka m'khola mpaka anachita kuzithamangitsa, ndipo zitatuluka zinakakwera padenga la khitchini n'kukhala komweko. Pawailesi ananena kuti kukubwera mvula yamphamvu ya masiku angapo m'maboma a kummwera. A Malizani anasintha siteshoni n'kuika ya nyimbo.

Dzuwa litapendeka, mitambo inatulukira kuseri kwa phiri, yakuda bii, yotsika ngati ikufuna kukhala pamadenga. Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu, kenako inakhuthuka. A Hamis, omwe ankathamangira kwawo atafunda pepala la pulasitiki, anakhotera pakhonde la a Malizani kudzausa.

"Bizinesi yafa lero, akalipentala," anatero akukutumula madzi. "Tchipisi chasanduka phala."

Tiyanjane anali atangowathandiza mayi ake kulowa m'nyumba. Atafika nawo pakhomo la chipinda, onse awiri anaima. Pansi panali madzi. Anayang'ana kudenga, malata anali ouma, osadontha paliponse. Madziwo ankatuluka pansi, pomwe simenti imakumana ndi khoma lakuseri, mwakachetechete, akuchita timathovu. Poyamba anali oyera. Akuyang'ana choncho, anayamba kufiira. Patapata wa mayi ake, yemwe anali pansi pa bedi, anatuluka yekha akuyandama, n'kuzungulira pang'onopang'ono pakati pa chipinda.

"Bambo a Tiya," anaitana mayi ake. "Tabwerani."

A Malizani analowa, a Hamis ali pambuyo. Anayang'ana madziwo, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo inakhala ngati ya munthu wina, wokalamba. Kenako anaseka.

"Chinyontho ichi. Ngalande yakuseri yatsekeka basi, mawa ndiikonza. Hamis, tandithandiza, tikweze bedili. Tiya, khazika amayi ako pampando."

Anatuluka n'kubwera ndi njerwa zotsala pomanga, zonyowa. A Hamis ananyamula bedi mbali imodzi, a Malizani n'kumalowetsa njerwa pansi pa miyendo yake.

"Amayi, mwakwezedwa pantchito," anatero a Hamis akubuula ndi kulemera kwa bedi. "Lero mugona pamwamba ngati abwana a ku Namiwawa. Tikubweretsereninso makwerero?"

A Constance anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa, mbali yomwe inkagwirabe ntchito. Koma dzanja lawo labwino linali litagwira mkono wa Tiyanjane, ndipo linkafinya mpaka zikhadabo kulowa. Tiyanjane anawayang'ana. Maso a mayi ake sanali pabedi kapena pamadzi. Anali pakhoma lakuseri, ndipo mutu anali ataupendeketsa ngati munthu womvetsera. Apo m'pamene Tiyanjane anadziwa kuti phokoso lomwe iye anakalimva dzulo pamwamba, mayi ake akhala akulimva ali pabedi lomweli, mwina kwa masabata, osanena kanthu kuopa kukhumudwitsa mwamuna wawo.

Foni inalira m'thumba la siketi yake. Chifukwa cha chenjezo la pawailesi, mafunso anabweranso kachiwiri tsiku lomwelo.

"Afunsanso, adadi."

"Anthu amenewa alibe ntchito," anatero a Malizani atagwada m'madzi, njerwa ili m'manja. Sanadzutse mutu. "Lemba pang'ono."

Tiyanjane anayang'ana pagalasi la foni. Madzi ofiira anali atafika pa zala za kumapazi ake, ozizira ngati kamphepo ka mumng'alu muja. Anamva mvula padenga, anamva kupuma kwa mayi ake.

"Ayi, adadi."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma onse anawamva. A Hamis anatsitsa bedi pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?" anafunsa a Malizani.

Tiyanjane anadina foniyo, funso loyamba, lachiwiri, lachitatu, n'kutumiza. Kenako anaitembenuza kuti bambo ake aone, ngakhale ankadziwa kuti sangathe kuwerenga.

"Ndalemba kuti kwambiri."

A Malizani anaimirira, madzi akutsika m'mawondo a buluku lawo. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, ndi mawu omwe Tiyanjane sanawamvepo, mawu a munthu wamantha.

"Iwe mwana, ukudziwa chomwe ukuitana? M'nyumba mwanga muno? Pamaso pa amayi ako odwala?"

"Akalipentala, mwana ndi mwana," anayesa kulowererapo a Hamis. "Alembanso, si nkhani..."

"Sindilembanso, ankolo," anatero Tiyanjane. Anadabwa kumva mawu ake akukwera okha, osanjenjemera. Anayang'ana bambo ake m'maso, chinthu chomwe sanachitepo. "Sindikuitana kanthu, adadi. Chafika kale. Chili pamwamba pathu pompa, dzulo ndalowetsamo mkono wonse osakhudza pansi. A Nikolasi anakuuzani, inu munawagulira tiyi. Nyumbayi munamanga bwino, palibe amene akukana. Koma phiri lanyamuka nayo, ndipo njerwa zimenezo siziliimitsa. Chikayamba, inu muthamanga. Ine ndithamanga. Ankolo a Hamis athamanga. Nanga amami athamanga bwanji? Ine sindidikira kuti ndidzawasiye pakanjira. Ndikuwabereka panopa, kudakali kowala, mpaka pa siteji. Tikagona kwa azakhali ku Maselema. Ngati mukufuna kundikalipira, mukandikalipire konko, mpaka mawa, ndikamvera zonse. Bola tikakhale tilipo tonse."

Anamasula chitenje chake m'chiuno, n'kugwada m'madzi ofiirawo, kumbuyo kwake kutaloza kwa mayi ake.

"Ankolo a Hamis, ndithandizeni kuwakweza. Adadi, tengani mankhwala awo ndi bulangeti. Tiyeni."